Ndinaitengera seva kusikelo

Foni inalira cha m'ma hafu sikisi m'mawa, ndili pakati posamba. Kwathu ku Kawale foni ya nthawi imeneyo imakhala ya maliro kapena ya munthu wofuna ngongole. Anali anamwino a kuntchito, ndipo moni sanapereke.

"Achemwali, chinthu chanu chija chafanso."

Chinthu changacho chinali seva ya pakachipatala kena kapulaiveti ku Area 25, komwe ndinali nditagwira ntchito miyezi isanu ndi iwiri. Dzina loti seva limamveka laulemu, koma inali kompyuta wamba yapadesiki, yakaunjika, yomwe inkakhala m'kabati yamatabwa kuseri kwa risepushoni. M'menemo munali mayina a odwala, mankhwala omwe analandira, zotsatira za kulabu ndi ndalama zomwe analipira. Ikazima, makompyuta anayi a m'zipinda ankasanduka zokongoletsera tebulo.

Kuchoka ku Kawale kukafika ku 25 ndi minibasi ziwiri, ina yokatula kudepoti, ina yotsata msewu wa M1, ndipo m'mawa palibe yomwe imathamanga. Ndinkafika 8 koloko itadutsa, n'kupeza mabenchi adzaza, amayi atabereka ana otentha thupi, onse akundiyang'ana ngati ndine dokotala wochedwa. Kudina batani si nkhani, aliyense akanatha. Vuto linali loti seva ikazima mwadzidzidzi ili pakati polemba, database inkadzuka itapunduka, ndipo kuiwongola kunkatenga ola lina. Tsiku lina zonse zolembedwa Lachiwiri zinasowa. Mayi wina yemwe analipiriratu mankhwala a mwana wake dzulo lake anauzidwa kuti m'kompyuta mulibe chilichonse. Lisiti anali atataya. Analira mwakachetechete, osakalipira aliyense, ndipo mpaka lero ndimaona kuti bola akanandikalipira.

Mu Okutobala 2023 mokha seva inafa kasanu ndi kawiri.

Kuno chinthu chikazima, timayamba taloza magetsi. Tonse tinali tikukumbukirabe 2022, pomwe namondwe Ana anaononga damu la Kapichira mu Januwale n'kutichotsera pafupifupi mamegawati 130, dziko n'kuzolowera makandulo kwa chaka ndi miyezi. Koma chaka chomwecho abwana anagula inveta ndi mabatire chifukwa cha firiji ya katemera, ndipo seva inalinso ndi kaUPS kakekake. Usiku womwe seva inkafa, firiji inkachezera kulira bwinobwino. Ndiye mlandu unachoka pa magetsi n'kugwera munthu yekhayo amene ankagona pamalopo.

Alonda athu anali bambo a msinkhu wa bambo anga, okhala ku Mgona. Ankafika 5 koloko madzulo panjinga, chikwama atamangirira kumbuyo, ndipo tonse tinkangowaitana kuti madala. Usiku wina abwana anabwerera cha m'ma hafu naini kudzatenga makiyi omwe anaiwala, n'kupeza mafoni asanu ndi atatu atandanda pa ekisitenshoni ya pa risepushoni, timagetsi take tikuphethira ngati ziphaniphani. Ku Mgona nyumba zambiri zilibe magetsi, ndiye anthu oyandikana nawo ankawapatsira mafoni madzulo n'kukalandira m'mawa, aliyense ndi kangachepe kake. Ekisitenshoniyo inkachokera ku UPS ya seva. Kwa abwana nkhani inathera pomwepo. Anawachenjeza, kenako anagula loko n'kukhoma kabati ija, yomwe kale chitseko chake chinkangokhala chotsegula.

Seva inayamba kufa pafupipafupi kuposa kale.

"Akupitirizabe madala aja," anatero abwana atandiitanira muofesi mwawo. "Mwezi ukatha azipita. Inuyo a IT mundipezere umboni woti ndilembe m'kalata."

Ndinavomera msanga, msanga kwambiri. Nditamaliza digiri ndinayenda zaka ziwiri ndi envulopu ya khaki, ndikusiya makalata pamageti a ku City Centre, ndipo ntchito iyi inali ya kontrakiti ya chaka chimodzi. Seva inali m'manja mwanga. Ngati wolakwa anali madala, ndiye kuti sindinali ine, ndipo ganizo limenelo linkandigonetsa tulo tabwino.

Ndinayambira ku ma log. Kwa amene simuli m'ntchito imeneyi, log ndi buku lomwe kompyuta imalembamo zochitika: wakuti walowa, pulogalamu yakuti yayamba, yakuti yakana. Lili ngati buku la pageti. Ndinasaka mawu oti error, ndinasaka oti fail, osapeza kanthu. Zolemba zinkayenda bwinobwino, kenako zii, mzere wotsatira n'kukhala wa m'mawa ine nditadina batani. Wofa mwadzidzidzi sasiya mawu. Kuwonjezera apo, kabatire kosunga wotchi mkati mwa sevayo kanali katatha, moti ikadzuka inkayesa tili chaka china mpaka nditaikonzera ndekha. Madeti a m'bukumo ankalumphalumpha, ndipo ndinasiya kuwayang'ana.

Lamlungu lotsatira ndinapita kukaona mayi ku Chinsapo. Mng'ono wanga anali ndi khanda la miyezi inayi, ndipo ankadandaula kuti kusikelo amuuza kuti mwana ali ndi makilo 5.8, koma iye sakudziwa ngati zili bwino kapena ayi. Mayi anangoti, "Nambala imodzi siyankhula iwe. Tabweretsa khadilo." Anayang'ana madontho anayi omwe alangizi a zaumoyo analembapo, n'kuona kuti akukwera, n'kumubwezera. Kenako analowa kuchipinda n'kutuluka ndi khadi langa, lothimbirira, lomwe amasunga m'sutikesi limodzi ndi satifiketi ya ukwati. Ndinabadwa mu 1997. Mzere wanga ukukwera bwino zaka zinayi, kumapeto kwa 2001 ukugona chammbali, kumayambiriro kwa 2002 ukutsika pang'ono. Palibe analembapo mawu oti njala, koma aliyense amene analipo chaka chimenecho angathe kuiwerenga pakhadipo.

Sindinganame kuti khadi limenelo ndi lomwe linandiphunzitsa kuyang'anira seva. Zipangizo zake ndinali nditazimva kale kukoleji ndi pa YouTube, kungoti ndinkaziona ngati za makampani a maseva mazana, osati za kabati ya ku Area 25. Chomwe ndinaona tsiku limenelo n'choti ine ndinkafunsa seva funso limodzi lokha, m'mawa ikatha kufa: wafa bwanji? Sindinaipimepo n'kamodzi komwe ili moyo.

M'ntchito yathu khadi ngati limeneli limatchedwa time-series database. Database wamba, ngati ya odwala ija, imasunga mmene zinthu zilili panopa: wodwala akasamuka ku Biwi kupita ku Area 23, umafufuta kwakaleko n'kulemba kwatsopano. Inayi sisintha chomwe yalemba. Imangowonjezera dontho pambuyo pa dontho: nthawi yakuti, muyezo wakuti, nambala yakuti. Dontho limodzi palokha lilibe ntchito, phindu lili pa mzere. Ngakhale nyanja yathu ili ndi khadi lake. Msinkhu wa madzi a Nyanja ya Malawi wakhala ukulembedwa kuyambira 1896, ndipo zolembazo ndi zomwe zimasonyeza kuti kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 nyanjayo inatsika mpaka kuleka kuthira madzi mu Shire, mtsinje womwewu umene lero umazunguza makina a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Omwe ankalemba manambalawo sankadziwa n'komwe kuti adzawafune ndani.

Pamafunika zinthu ziwiri, wopima ndi wosunga, ndipo njira zotchuka zomwe ndinaziyerekeza zinali ziwiri, zonse zaulere. Yoyamba ndi InfluxDB, yomwe inatuluka mu 2013, pamodzi ndi wopima wake Telegraf. Telegraf imakhala pa seva pomwepo, imapima masekondi 10 alionse, imalemba nthawi yokha, n'kutumiza kwa wosunga. Zili ngati mayi wopita yekha kusikelo atapimiratu mwana kunyumba. Yachiwiri ndi Prometheus, yomwe anaiyamba ku SoundCloud mu 2012 Matt Proud ndi Julius Volz, anthu omwe anagwirapo ntchito ku Google. Iyi imayenda mosiyana. Pa seva umangoikapo kapulogalamu kotchedwa node_exporter, komwe kamatsegula khomo nambala 9100 n'kuyala manambala onse pamenepo: purosesa ikugwira ntchito motani, memori yatsala yochuluka bwanji, disiki yadzaza mpaka pati, mkati mukutentha motani. Prometheus ndi yomwe imabwera kudzagogoda, ngati alangizi oyenda khomo ndi khomo.

Ndinasankha Prometheus pa zifukwa ziwiri. Nthawi imalembedwa ndi wogogodayo, ndiye wotchi yosokonekera ya seva yanga inalibenso mphamvu yondinamiza. Chachiwiri, ikagogoda popanda woyankha, imalembabe. Ili ndi muyezo wotchedwa up, womwe umakhala 1 seva ikayankha ndi 0 ikakhala chete. Mwana wosabwera kusikelo amalembedwanso kuti sanabwere.

Maganizo anga oyamba anali oti ndiike zonse pa seva yomweyo, poti kompyuta ina yopuma inalibepo. Ndinafotokozera mnzanga wa kukoleji yemwe amagwira ntchito kubanki ina, ndipo anandiyankha ndi voice note akuseka. "Aise, mlonda ndi katundu m'thumba limodzi? Thumba likabedwa akuuze ndani?" Ananena zoona. Seva ikazima, Prometheus izimira limodzi, palibe wolemba 0, palibe wokudzutsa.

Ndiye ndinafukula laputopu yanga ya kukoleji, yosweka sikirini pakona, yomwe batire lake linkagwirabe maola awiri. Ndinaikamo Ubuntu, ndinasintha mzere umodzi m'fayilo ya logind.conf kuti isamagone ndikaitseka, n'kuiika pamwamba pa shelefu ya kufamase, kutali ndi kabati, waya wake wopita ku router. Fayilo ya prometheus.yml inali ya mizere yosakwana khumi: gogoda masekondi 15 alionse, adilesi ya seva ndi iyi, khomo ndi 9100. Mizere yochepayo inandidyera ola lathunthu chifukwa penapake ndinadina tab m'malo mwa space, ndipo YAML sikhululuka zimenezo.

Chomwe ndinkaopa chinali malo, poti disiki ya laputopuyo inali yaing'ono. Ndinawerengera papepala. Kugogoda kanayi pamphindi ndi madontho 5,760 patsiku pa muyezo umodzi. Seva yanga inkapereka miyezo pafupifupi 1,000, kutanthauza madontho oposa 5.7 miliyoni patsiku. Zikumveka zoopsa, koma Prometheus imapanikiza dontho lililonse mpaka baiti imodzi kapena ziwiri, potsata nzeru yomwe akatswiri a Facebook anafalitsa mu 2015 pofotokoza database yawo yotchedwa Gorilla: m'malo molemba nambala yonse, umangolemba kusiyana kwake ndi yam'mbuyo, ndipo nthawi zambiri kusiyanako n'kochepa kapena kulibe. Zonse pamodzi zinkakwana mamegabaiti 12 patsiku. Prometheus ukaisiya yokha imasunga masiku 15 n'kufufuta zakale. Ine ndinaiuza kuti izisunga 90.

Ndinamaliza Lachinayi, 7 koloko madzulo. Potuluka ndinapeza madala atakhala pampando wawo pakhonde, wailesi pakhutu.

"Mwachedwatu lero mwanangu. Muyende bwino, kudepoti kwada."

"Zikomo madala, mutsale bwino."

Sankadziwa kuti ndakhala ndikuwatchera msampha.

Lachisanu hafu sikisi foni inalira, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinailandira mosangalala. Nditafika sindinayambe n'kabati. Ndinathamangira kufamase, ndinatsitsa laputopu, ndinatsegula tsamba la Prometheus n'kulemba up. Mzere unali pa 1 madzulo onse, wowongoka ngati chingwe choyanikira, kenako n'kugwera pa 0. Nthawi yake: 21:41.

Hafu naini ya abwana ija. Ndinajambula sikirini ndi foni, ndinatsegula WhatsApp, ndinalemba kuti "Bwana, umboni uja ndi uwu." Chala chili pamwamba pa batani lotumizira, diso linagwera kumapeto kwa galafu, kudzanja lamanja, komwe kumasonyeza nthawi ya panopa. Panalembedwa 06:20. Foni yanga inkati 08:20.

Prometheus imawerenga nthawi ya UTC, ndipo Malawi ali maola awiri patsogolo pake. Seva sinafe 21:41. Inafa 23:41, mafoni atakhala kale pa ekisitenshoni maola oposa awiri popanda chovuta.

Ndinafufuta uthenga uja chilembo chimodzichimodzi. Kenako ndinachita chomwe ndinayenera kuyambira, kuyang'ana mizere inayo. Ndinalemba node_hwmon_temp_celsius. Madzulo onse purosesa inali pa madigiri 60 ndi kanthu, kotentha kale kwa kompyuta yomwe ikungokhala. Itakwana 23:00 yathu, mzere unanyamuka: 70, 80, 88, kenako kukwera pang'onopang'ono ngati minibasi yodzaza pachitunda, mpaka 97, n'kudukira pomwepo. Galafu ya ntchito ya purosesa inkanena zomwezo. Nthawi ya 23:00 yeniyeni, mbali zake zonse zinayi zinalumphira pa 100 peresenti n'kukhala pomwepo mpaka imfa.

Ndani amagwira ntchito 11 koloko usiku m'chipatala chotseka? Ndinkadziwa yankho ndisanatsegule crontab, ndandanda ya ntchito zomwe seva imachita yokha. Unali mzere wanga. Usiku uliwonse seva inkakopera database ndi zithunzi zonse za mapepala a kulabu, n'kuzipanikiza ndi pulogalamu ya xz kuti zikwane pa disiki yosungira. Zithunzizo zinkachulukirachulukira, ndipo mu Sepitembala ndinawerenga penapake kuti ukawonjezera -T0, xz imagwiritsa ntchito mbali zonse za purosesa m'malo mwa imodzi. Ndinawonjezera, ndipo ndinadzimva katswiri. Kenako kunabwera Okutobala wa ku Lilongwe, malata akuthetheka mpaka pakati pa usiku, fani itatsekeka ndi fumbi la m'misewu ya ku 25. Purosesa ikafika poti ipsa imadzidulira yokha magetsi, osatsanzika. Usiku wozizirirako inkamaliza ntchito isanafike pamenepo, n'chifukwa chake sinkafa tsiku lililonse. Loko wa abwana anangotseka kampweya komwe kanatsala.

Chondiwawa n'choti zizindikiro zinalipo. Mzere woti backup yayamba unali mu log usiku uliwonse, ine ndikusaka error. Ndipo ndine ndemwe ndinaikonza seva ija kuti magetsi akaduka n'kubwerera izidzuka yokha. Akanakhala mafoni ndi omwe ankagwetsa UPS, bwenzi m'mawa tikuipeza ili moyo. Ndinkazidziwa zimenezi. Kungoti sindinkafuna chifukwa, ndinkafuna umboni.

Nditadzutsa seva n'kuwongola database, ndinakakhala kuseri kwa chipatala, pafupi ndi thanki ya madzi, kwa mphindi khumi. Ndikuuzeni zomwe ndinkaganiza, poti blog ino ndi yanga. Ndikanatha kuchotsa -T0 mwakachetechete tsiku lomwe madala akuchoka. Seva ikanaleka kufa, abwana akanati mwaona, anamwino akanati tinkanena, ndipo palibe akanafunsa. Galafu ndinali nditaiona ndekha. Ndinaliganizira bodzali mpaka kumapeto, ndipo linalibe pobowoka. Sindikudziwa bwinobwino chomwe chinandiimitsa. Mwina ndi mayi uja wa lisiti, mwina ndi "muyende bwino" wa dzulo lake. Mwinanso ndi mantha wamba oti mnzanga wa kubanki adzandifunsa kuti zinatha bwanji.

Ndinalowa kwa abwana ndi laputopu yosweka ija n'kuwaonetsa mizere iwiri, wa ntchito ndi wa kutentha. Ndinafotokoza za maola awiri aja, za -T0, za fumbi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye mukuti ndi inuyo?"

"Ndi ineyo, bwana."

"Nanga loko uja?"

"Anawonjezera."

Ndikuganiza kuti loko ndi amene anandipulumutsa, poti mlandu tinagawana. Sanandichotse. Kalata ya madala sinalembedwe, koma sanawapepesenso, ndipo kontrakiti yanga itatha anaiwonjezera ndi miyezi isanu ndi umodzi yokha.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinadikira madala n'kuwapempha pompi ya njinga yawo. Tinatulutsira seva pakhonde, iwo akupopa, ine nditagwira fani kuti isazungulire. Fumbi lomwe linatuluka mmenemo likanadzala mbatata. Kalipentala wa kufupi ndi msika wa Nsungwi anadzaboola mabowo pachitseko ndi kumbuyo kwa kabati. Ndinachotsa -T0, ndinasintha kuti backup izikopera zithunzi zatsopano zokha osati zonse, ndinagula kabatire ka wotchi. Kutentha kwa usiku kunatsikira pa madigiri 55. Ndinalembanso pempho la seva yatsopano, koma pa 9 Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo pepala la mitengo lomwe ndinabweretsa linasanduka nthabwala sabata isanathe. Kompyuta yakaunjika ija ikugwirabe mpaka lero.

Zotsalazo ndinkaziwonjezera pang'onopang'ono. Ndinaika Grafana, pulogalamu yojambula magalafu yomwe anaiyamba Torkel Ödegaard wa ku Sweden mu 2014, ndipo choyamba kusintha chinali nthawi, kuti izisonyeza yathu. Ndinatsitsa dashboard yotchuka ya Node Exporter Full, n'kupeza magalafu ochuluka moti sindinkadziwa poyang'ana, ndiye ndinapanga yanga ya mizere isanu basi. Ndinaika Alertmanager kuti izinditumizira uthenga pa Telegram. Sabata yoyamba ndinaiuza kuti izikuwa kutentha kukangodutsa 65, ndipo foni inkalira masana onse mpaka ndinaitseka pakamwa, chomwe ndi choopsa kuposa kusakhala nayo. Pano imandiitana pokhapokha kutentha kukakhala pamwamba pa 85 kwa mphindi zisanu, disiki ikatsala pang'ono kudzaza, kapena up ikagwera pa 0. Tsiku lina amayi okolopa anazula chaja ya laputopu, ndipo ndinakhala masiku awiri ndikusangalala ndi bata, osadziwa kuti mlonda wanga wakomoka. Kuyambira pamenepo imanditumizira kauthenga m'mawa uliwonse kongonena kuti ilipo. Kakapanda kubwera, ndimadziwa kuti pali nkhani.

Pakati pa Novembala ndinalumikiza UPS ija ndi waya wa USB, n'kuika Network UPS Tools kuti nayonso iziyezedwa. Ndinkangofuna kudziwa ngati batire lake lili ndi moyo. Patapita masiku atatu ndinatsegula galafu yake n'kuona kaphiri. Usiku uliwonse, 9 koloko ikangodutsa, katundu wa pa UPS ankakwera ndi mawati pafupifupi 80, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka cha m'ma 4 m'bandakucha, pomwe ankabwerera mwakale mwadzidzidzi. Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, kaphiri komweko.

Madala anali asanasiye.

Kumbali ya seva, kaphiriko kanali umboni womaliza woti mafoni analibe mlandu, poti kanalipo usiku uliwonse ndipo seva inkagona bwino. Magetsi ake sankakwana ngakhale yuniti imodzi pa usiku. Koma abwana anali atawachenjeza kale, ndipo galafu imeneyi inali ndendende kalata ija yomwe anandituma: deti, ola, mphindi. Ndinaika zipangizo zoyang'anira makina, ndipo mosadziwa ndinayamba kuyang'anira munthu. Ndinkadziwa nthawi yomwe amalowa mkati, nthawi yomwe amadzuka, ngakhale tsiku lomwe makasitomala awo achepa.

Sindinaiike pa dashboard ya abwana. Mukhoza kunena kuti ndinabisa chilungamo kwa ondilemba ntchito, ndipo sindingakutsutseni kwenikweni. Anamwino akanadziwa akanati ndikulekerera, mnzanga wa kubanki anati kwawo zimenezo ndi zochotsedwa nazo ntchito tonse awiri. Ine ndinaona kuti anandituma kupeza chomwe chinkapha seva, ndipo ndinachipeza.

Koma madala ndinawaonetsa. Ndinadikira onse ataweruka, ndinakhala pa sitepe pafupi ndi mpando wawo, n'kutsegula laputopu.

"Madala, mukuona kaphiri aka? Apa ndi 9 koloko. Apa ndi 4 koloko."

Anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi n'kuyang'anitsitsa. Sanafunse kuti n'chiyani.

"Kamandiona kameneka?"

"Ayi, kamangoona magetsi."

"N'chimodzimodzitu." Anakhala chete pang'ono. "Abwana amakaona?"

"Amaona zomwe ndawatsegulira."

Ndinawauza kuti ekisitenshoni ya pa risepushoni aisiye, poti tsiku lina magetsi akadzazima mafoni aja adzamaliza batire la seva. Sindinawauze kuti asiye bizinesi, sindinawauzenso kuti apitirize. Ndinangotchula kuti soketi ya m'khonde, ya kuseri kwa benchi, siidutsa ku UPS. Anavula magalasi n'kuwaika m'thumba la malaya.

"Foni yanuyo ili ndi moto, mwanangu? Ulendo wa ku Kawale ndi wautali."

Inali pa 12 peresenti. Anatulutsa chaja m'chikwama muja, mwa machaja ambirimbiri omangidwa ndi mphira, n'kusankha yolowa foni yanga osayesa kawiri.

Usiku wotsatira mzere wa UPS unali wowongoka kuyambira madzulo mpaka m'mawa. Timapiri takale tija tinatsalabe kumanzere kwa galafu, tsiku lililonse tikusunthira kumapeto, mpaka pakati pa Febuluwale 2024 masiku 90 anakwana ndipo Prometheus inatifufuta yokha. Chithunzi cha 21:41 chija chokha ndi chomwe ndikadali nacho m'foni.